NZERU ZA PAMUDZI: Njinga Yamoto Ikamazima Panjira



Mwezi uno tikambirane za njinga yamoto, imene ena aitcha mthuthuthu. Masiku ano ndi midzi yowerengeka pakati pa Bembeke, Linthipe, Kasina ndi Mayani imene siimva kulira kwake. Ndiyo inyamula mbatata ya kachewere kunka nayo kumsika. Ndiyo ithamangira kuchipatala usiku ndi mayi wodwala. Ndipo anyamata ambiri a kabaza apeza nsima chifukwa cha iyo. Tsono ikazima pakati pa chitunda, mavuto achuluka: wodwala achedwa, ndalama zithera kugula zipangizo zosafunika, ndipo choipa koposa, mwini wake ayamba kuloza chala mnansi wake, nati, "Wandilodzera njinga." Abale, musanade mnzanu, yambani mwayang'ana m'thanki, pakuti kawirikawiri mfiti ya njinga ndi kachitsotso kochepa ngati njere ya mawere.

Tamverani m'mene petulo ayendera. Pa njinga zambiri za kuno, petulo atsika yekha kuchokera m'thanki monga madzi atsikira m'ngalande. Apyola pa kampopi, nalowa m'paipi, nafika m'kabuleta. M'menemo muli kambale kosungira petulo pang'ono, ndi timabowo tating'onoting'ono totchedwa majeti, timene tisakaniza petulo ndi mpweya. Muyeso wake, poyesa kulemera, ndi ngati magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Petulo akachepa, injini itentha nifooka. Akachuluka, itsamwa nifuka utsi wakuda. Chifukwa chake wofuna kupeza nthenda atsate njira yomweyi, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, osalumpha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba funsani pulagi, pakuti ndiye mboni yosanama. Pondani kiki kasanu, nimumasule pulagiyo. Mukampeza wonyowa, petulo alikufika, ndipo mwina wachuluka kapena moto wa magetsi ndiwo wasowa. Mukampeza wouma gwa, dziwani kuti petulo watsekeredwa penapake, ndipo chitani izi.

Choyamba, onani kampopi. Kali ndi malo atatu olembedwa ON, OFF ndi RES. Petulo akatsika kwambiri m'thanki, pa ON sapitanso, ngakhale mukagwedeza njinga mumva kukhuvula. Tembenuzirani pa RES, ndipo muyenda kufikira pogula wina. Ambiri akankha njinga mtunda wautali chifukwa chosadziwa ichi chokha.

Chachiwiri, onani chitsekero cha thanki. Chili ndi kabowo kolowetsa mpweya, ndipo fumbi la mwezi wa September ndi October likatseka kabowoko, petulo aleka kutsika, monga madzi akana kutuluka bwino m'chigubu chopanda popumira. Chizindikiro chake ndi ichi: njinga iyenda bwino kanthawi, nizima; mukapumula pang'ono ilira, nizimanso. Ikangozima, tsekulani chitsekero mutatchera khutu. Mukamva mpweya uli fuu kulowa, mwaipeza nthenda.

Chachitatu, tsekani kampopi, solani paipi pa kabuleta, nimuilozetse m'botolo loyera, ndipo tsekulaninso. Petulo ayenera kutuluka mosadukiza. Akamangodontha, ndiye kuti kasefa ka m'kampopi kapena ka papaipi kadzaza dzimbiri, kapena paipi yapindika. Tsono ikani botololo pansi lidikhe. Madzi alemera koposa petulo, motero akhala pansi, ndipo mudzawaona ndi maso.

Mwina mufunsa, nanga madziwo alowa bwanji? Njira zake ndi zitatu. Ina ndi mvula yolowera pachitsekero chakutha. Ina ndi kuzizira kwa kwathu kuno: m'miyezi ya June ndi July, thanki ikagona yopanda petulo wokwanira, m'kati mwake muchita mame monga pa malata m'mamawa. Yachitatu ndi petulo wa m'zigubu. Chiyambire kusowa kwa mafuta kwa 2011 ndi 2012, ndi kumene kunabweranso mu 2022, anthu anazolowera kugula m'mbali mwa msewu, kumene wina athiramo palafini, wina asunga m'chigubu chosatsuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwaninso kuti kuyambira 1982 dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo mu 2004 fakitale ina inayamba ntchito yomweyo ku Chikwawa. Ethanol ayaka bwino, koma akoka chinyezi cha mumpweya, naumitsa mapaipi akale a mphira. Chifukwa chake petulo wogonera m'thanki miyezi yambiri sakhulupirika.

Chachinayi, fikani pa kabuleta. Pansi pa kambale kake pali kabawuti kokhetsera. Kamasuleni pang'ono, madzi ndi zinyalala zituluke. Ngati sipatuluka kanthu ngakhale paipi ibweretsa petulo, ndiye kuti kasingano kotseka khomo kakanirira. Kasingano kameneka kakankhidwa ndi choyandama cha m'kambalemo: petulo akadzaza, choyandama chikwera nichitseka, akatsika, chitsekula. Gogodani kambaleko mofatsa ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, ndipo kawirikawiri kamasuka. Koma mukaona petulo akutayikira pansi njinga ili chiimire, kachitsotso kaletsa kasinganoko kutseka, kapena choyandama chabooka.

Chachisanu ndi majeti, ndipo ali awiri. Laling'ono lidyetsa injini poliza ndi pamene njinga yaima. Lalikulu lidyetsa pothamanga ndi pokwera phiri. Njinga imene ilira mukakoka choko, nizima mukambweza, yatsekeka jeti laling'ono. Imene ilira bwino pabwalo, koma ifooka ndi kubwebweta mukaipatsa moto pachitunda, yatsekeka lalikulu, kapena petulo alikufika wochepa m'kambale. Masulani majetiwo, atsukeni m'petulo woyera, nimupoperemo mpweya ndi pampu ya njinga yakapalasa, kufikira muone kuwala pa kabowo. Musatokose ndi singano kapena waya, pakuti majeti ndi a mkuwa wofewa. Kabowo kakakula sikabwereranso, ndipo njinga idzamwa petulo ngati mchenga umwa madzi. Poyala tizipangizoti, yalani pansalu yoyera motsatana, kuti pobwezera musasokoneze.

Pali chinthu china cha kwathu kuno chimene ambiri sachidziwa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita ngati 470. Mpweya wa kuno ndi wopepuka koposa wa kunyanja ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Motero njinga imene inakonzedwa ku Mtakataka kapena ku Mua, ikakwera Khwekhwelere, ichepa mphamvu, ndipo pulagi achita mwaye, chifukwa petulo ali yemweyo koma mpweya wachepa. Imeneyi si nthenda yogulira kabuleta watsopano. Yambani mwatsuka sefa ya mpweya, pakuti ikadzaza fumbi ionjezera vuto lomweli. Kabawuti koyesera msanganizo musakapotoze chisawawa. Ngati mukagwira, werengani kuti mwapotoza kangati, kuti muthe kubwerera pamene munayambira.

Mutatha zonsezi, yendani mtunda pang'ono nimufunsenso pulagi. Akakhala wofiirira ngati mtedza wokazinga, zonse zili bwino. Akada bii, petulo wachuluka. Akayera mbuu ngati phulusa, chenjerani ndithu: petulo wachepa, kapena mphira wolumikiza kabuleta ndi injini wang'ambika nulowetsa mpweya wakuba. Injini yotere itentha kufikira kuononga pisitoni. Pamenepo pitani kwa makaniko wodziwa, pakuti safunsa anadya phula. Chimodzimodzi njinga zatsopano zopanda kabuleta, zimene zipopa petulo ndi magetsi: zimenezo musazimasule nokha.

Potsiriza, mawu kwa banja lonse. Petulo sagwirira pafupi ndi mbaula, koloboyi kapena fodya woyaka, popeza nthunzi yake iyaka ngakhale moto uli patali. Musamtsope ndi pakamwa, pakuti akalowa m'mapapo adwalitsa koopsa. Amayi, musalole kuti asungidwe m'botolo la zakumwa pamene ana afikira. Ndipo ngakhale kuzizire chotani, injini isalire m'nyumba yotseka: utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Pothira petulo sefani ndi kansalu koyera. Pogona tsekani kampopi. Ndipo thanki isagone yopanda kanthu m'nyengo yachisanu. Mukasunga zitatuzi, njinga idzadzuka nanu pa usiku umene mudzaifuna koposa, ndipo mnansi wanu adzakhalabe mbale wanu.

Mwezi wamawa tidzakamba za tcheni ndi mabuleki, mvula isanagwe. Tsalani bwino nonse.