Ndalama za ku Joni: msonkho adzadula kangati?

Dzulo tili kudimba kuno ku Makhanga a malume anandifunsa kuti, "Mphwanga, ndalama zanga za kumgodi zikadzabwera, msonkho adzadula kangati?" Iwowa anapita pa TEBA, n'kubwerera mu 1988 pomwe kulemba Amalawi kunatha. Mpaka lero akudikirabe.

Penshoni yogwirira ku South Africa imayamba yadutsa kwa a SARS, amsonkho akumeneko. Ndalama yolandira kamodzi ngati wopuma pantchito, R550,000 yoyambirira sadula. Koma akalemba kuti munangosiya ntchito, yosadulidwa ndi R27,500 yokha. Mwaona kusiyanako? Komanso maiko awiriwa ali ndi pangano la 1971 loti munthu asadulidwe kawiri.

Nanga nkhalamba ya ku Nsanje izidziwa bwanji? Chaka chatha kunabwera mnyamata wa tayi, eti tilipiriretu "msonkho" kuti fayilo iyende. A malume anagulitsa mbuzi ziwiri. Foni yake pano siikupezeka.

Ine ndikuti boma libwere lidzafotokoze zimenezi pawailesi ndi pabwalo la amfumu, m'Chisena ndi m'Chimang'anja. A malume chifuwa chija sichikuwagonetsa.