Akauntanti wa ku Kafue Estates, musadzicotse nokha pamzere

Anzanga acinyamata, pali bodza limene lazika mizu muno mu Kafue Estates. Mnzathu akatsiriza maphunziro a ZICA kapena ACCA, nagwira nchito zaka zingapo, ndiye n'kuchula zoti afuna kukacita digiri ya MBA pa sukulu yaikulu ya zamalonda monga Harvard, London Business School kapena ya pa University of Cape Town, timamuseka. Timati malo otere ndi a ana a ku Kabulonga. Timati akauntanti nchito yake ndi kuwerenga ndalama za eni ake basi. Maganizo amenewa ndi oipa, ndipo akupha mphatso za ana athu.

Taganizani. Kodi nyumba tikhalamozi zinamangidwira ndani? Zinamangidwira anchito a m'mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga fataleza mu 1970, ndipo Kafue Textiles inalemba nchito makolo athu ambiri. Fakitale ya nsalu ija inatsekedwa, ya fataleza inavutika zaka zambiri, mabanja nagona ndi njala. Inu munakulira m'mavuto amenewa, ndipo tsopano mudziwa kuwerenga mabuku a kampani ndi kuona pamene ndalama zikutayikira. Kodi ndani angakuposeni kufotokoza cifukwa cace muyenera kuphunzira kuyendetsa kampani?

Nzoona kuti maakauntanti opempha malo ndi ambiri, ndipo onse adziwa masamu. Cotero satifiketi yokha sikwanira. Aphunzitsi a kumeneko afuna kuona zimene munasintha. Kodi munatseka mpata umene anthu anali kubera katundu? Kodi munaphunzitsa amai a pamsika kulemba zolowa ndi zotuluka? Kodi munasunga thumba la gulu la acinyamata mwacilungamo? Zimenezo ndizo zolemba m'kalata yanu. Pamafunikanso makalata a umboni ocokera kwa akulu anu a panchito, ndiponso mayeso monga a GMAT, amene amatenga maola 2 ndi mphindi 15 ndipo amayesa masamu, kumva Cingerezi ndi kumasulira ziwerengero. Kukonzekera kwace kufuna miyezi yambiri ya kuwerenga usiku mutaweruka.

Mudzati, nanga ndalama? Funso labwino. Ku Harvard maphunziro ndi a zaka ziwiri, ndipo malipiro a sukulu okha aposa madola 70,000 pa caka. Palibe wa ife angagulitse nkhuku n'kupeza ndalama zotere. Koma sukuluyo imathandiza ophunzira ambiri molingana ndi kusowa kwao. Boma la Britain nalo lili ndi thandizo la Chevening, limene lifuna munthu amene wagwirako nchito zaka ziwiri, ndipo limamulamula kubwerera kwao kwa zaka ziwiri akatsiriza. Safunsa anadya phula. Ambiri a ife sitinakanidwe ai, sitinapemphe n'komwe.

Ena amati opita kunja sabwera. Ena sabweradi, ndipo ndi zacisoni. Koma a Hakainde Hichilema anaphunzira pa UNZA, nakatenga MBA ku Birmingham, nabwera kudzatsogolera Coopers & Lybrand ndi Grant Thornton muno mu Zambia. Kaya muwakonda pa zandale kaya ai, njira imeneyo ndi yoonekeratu. Ndipo ngati kunja kwakanika, UNZA ndi Copperbelt University ku Kitwe nazo ziphunzitsa MBA. Palibe camanyazi pamenepo.

Cenjezo langa ndi limodzi. Musalipire munthu kuti akulembereni kalata yabodza, ndipo musadzipatse udindo umene simunakhalepo nao. Cuma ca akauntanti ndi kukhulupirika. Akagwidwa ndi bodza amataya malo, ndipo dzina lace limaipa panchito pomwe.

Tsono inu a m'magulu a acinyamata, lekani kuseka mnzanu. Mubwerekeni mabuku, muwerengereni kalata yace, mumuonetse pamene walakwa. Ndipo inu akauntanti, yambani mwezi uno kufufuza masiku otsekera mafomu. Ngati akukanani, akukaneni ndi iwo. Musawathandize nchito imeneyo.