Foni Tili Nazo, Woyankha Ndani?

Azakhali anga anamwalira kumudzi ku Ngauma ndi khansa ya khomo la ciberekero, foni ili pambali pa mphasa yawo. Netiweki inalipo. Usiku umene ululu unakula mpaka kulephera kumeza phala, tinaimbira abale onse, koma nambala ya munthu wa cipatala tinalibe. Anali atatiuza kale kuti matenda afika patali, tipite nawo kunyumba. Kupita kunyumbako kunali kutsanzikana ndi cipatala.

Ndikanena kuti odwala otere azitsatiridwa pa foni, anzanga ophunzira amaseka. Akuti zimenezo ndi za azungu, ife tiyambe tapeza mankhwala. Abale anga, tamvani cimene azunguwo anacita. Ku Memorial Sloan Kettering, ku New York, Ethan Basch ndi anzake anatsatira odwala 766 a khansa yofalikira m'thupi. Ena mwa iwo ankalemba pa kompyuta mmene akumvera pa zizindikiro 12, monga ululu, mseru ndi kubanika. Cizindikiro cikakula, uthenga unkafika kwa namwino, iye n'kuimba foni. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti gulu limeneli linakhala ndi moyo miyezi 31, pamene enawo miyezi 26. Panalibe mankhwala atsopano. Namwino ankangomva msanga.

Nanga ife ndi amene sitikusowa kumvedwa msanga? Wa ku New York cipatala ali naco pafupi. Wa ku Mandimba ayenera kukwera chapa pa N13 kupita ku Cuamba kapena ku Lichinga, ndipo makina owotca khansa anayamba nchito mu 2019 ku Maputo, kumapeto ena a dziko. Mayi wotaya magazi simungamukweze chapa kuti akangonena kuti mankhwala akumusanzitsa. Ku Tanzania anaona zimenezi, ndipo ku Ocean Road, ku Dar es Salaam, anayesa pulogalamu ya pa foni yotcedwa m-Palliative Care Link.

Koma ndili ndi mkangano winanso, ndi aja amene angatibweretsere pulogalamu yokongola ya m'Cipwitikizi, n'kujambulitsa zithunzi, n'kubwerera. Azakhali sankawerenga. Ankalankhula Ciyao ndi Cinyanja, ndipo foni yawo inali ya mabatani. Kufunsa munthu Lolemba lililonse kuti ululu wafika pati, morfina palibe, woyankha palibe, ndi kumunyoza.

Cimene ndikupempha kwa akulu a zaumoyo m'Niassa n'cocepa. Wodwala aliyense wobwezedwa kunyumba acoke ndi nambala imene namwino amayankha usana ndi usiku. Ma APE, amene amayenda kale m'midzi, azifunsa mafunso ocepa sabata iliyonse m'cilankhulo ca wodwalayo n'kutumiza mayankho. Ndipo morfina wakumwa azipezeka ku Cuamba ndi ku Mandimba, kuti namwino akamva kuti ululu wakula, mwana wa wodwalayo akwere njinga m'mawa mwake akatenge botolo.