Ulendo wa ku chilumba umakonzekeredwa kumtunda

Madzi atakwera mu nyanja ya Chilwa pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabwato anachulukanso pa madoko a kuno ku Machinga monga Mposa ndi Namanja, komanso ku Kachulu m'boma la Zomba, komwe anthu amakwerera popita pa chilumba cha Chisi. Asodzi, amayi ogula matemba, ngakhale ana asukulu, onse amadalira bwato. Sabata ino ndikufuna tikambirane za kukonzekera ulendo wotere.

Anthu ambiri amaipeputsa Chilwa poti ndi yosaya. Nzoona, malo ambiri sipyola mamita atatu kuya kwake, ndipo inaumapo mu 1968 ndi 1995, kenaka mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Koma kusayako ndi komwe kumapusitsa. Mphepo ikaomba pa madzi osaya, mafunde amakhala afupiafupi komanso ochindikala, amamenya bwato motsatizana osalipatsa mpata. Pansi pake ndi thope lofewa, moti munthu amene wagwa m'madzi ofika m'khosi sangapondepo n'kuima bwinobwino.

Choyamba ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera kuchokera kummwera chakummawa, ndipo nthawi zina umatha masiku angapo. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pa wailesi mwera ukamabwera, ndipo chenjezolo limakhudzanso nyanja zing'onozing'ono monga Chilwa, Chiuta ndi Malombe. Nyengo ya dzinja nayo ili ndi zake: mitambo yakuda ikaunjikana masana, mphepo yamkuntho imafika mvula isanagwe. Nyamukani mamawa, ndipo muwerengere kuti mufike tsidya dzuwa lisanapendeke. Ngati pobwerera mudzayang'anizana ndi mphepo, onjezani nthawi, chifukwa mikono yotopa siyenda ngati ya m'mawa.

Chachiwiri ndi katundu. Bwato likadzaza mpaka m'mphepete mwake mwatsala pang'ono kukhudza madzi, funde limodzi ndi lokwanira. Eni mabwato amafuna ndalama, ifenso timafuna kufika msanga, ndiye tonse timangoti "tingokwera, Mulungu alipo." Mu Meyi 2023 bwato lomwe linanyamula anthu 37 powoloka mtsinje wa Shire ku Nsanje linagubuduzika mvuu italigunda, ndipo anthu ambiri anatayika. Ife a ku Liwonde, mbali ya Machinga ndi ya Balaka yomwe, timawoloka Shire yemweyo, wodzaza mvuu ndi ng'ona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kutsika m'bwato lodzaza n'kudikira lina si mantha ayi.

Chachitatu ndi zida. M'bwato musasowe nkhafi yapadera, mtengo wokankhira, chingwe, ndi chokapira madzi chomangirira ku bwato kuti chisatayike. Majekete oyandamitsa munthu ndi odula, koma komiti ya pa doko itha kusonkha n'kugula angapo oti azibwereketsa. Pomwe palibe, chigubu chopanda kanthu cha malita 20, chotseka bwino, chimatha kumuyandamitsa munthu wamkulu. Chisamangidwe ku bwato mwa mfundo yovuta kumasula. Tengani madzi akumwa a pa mjigo: madzi a Chilwa ndi amchere, ndipo kolera wavutitsa kangapo asodzi okhala m'zimbowera, mpaka mu 2016 analandira katemera wakumwa. Foni ikhale ndi moto, muikulunge m'jumbo ziwiri, ndipo ikhale m'thumba mwanu osati m'chikwama.

Chachinayi, muuzeni munthu wa kumtunda komwe mukupita, anthu amene muli nawo, ndi nthawi yomwe mukuyembekeza kufika. Mugwirizane kuti nthawiyo ikapyola akauze amfumu, akomiti ya pa doko kapena apolisi. Kawirikawiri kufufuza kumayamba mochedwa chifukwa abale amaganiza kuti munthu wagona tsidya. Kuyenda mabwato awiri pamodzi kumathandizanso. M'mabango a kumpoto kwa Chilwa tinjira ta madzi timafanana, mlendo asalowemo popanda mwini dera.

Nanga bwato likagubuduzika? Gwiritsitsani bwatolo. Bwato la mtengo nthawi zambiri limayandamabe ngakhale litadzaza madzi, ndipo opulumutsa amaliona msanga kusiyana ndi mutu wa munthu. Mtunda umaoneka pafupi ukakhala pamadzi, ndipo ambiri amathera mphamvu pakati akusambira. Vulani gambutsi ndi zovala zolemera. Mnzanu akamamira mponyereni chigubu kapena chingwe, musamukumbatire, chifukwa womira amakokera pansi womupulumutsa.

Kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga amene timatenga ana kukaona nyanja kapena nyama ku Liwonde: mwana asakwere bwato popanda choyandamitsa, ndipo tiwawerenge pokwera ndi potsika. Kwa makhonsolo a Machinga ndi Balaka, pempho langa ndi loti pa doko lililonse pakhale kaundula wa okwera, ndipo bwato lililonse lilembedwe chiwerengero cha anthu oyenera kunyamula. Kope ndi penti sizidula, koma zingathandize kuti mayi wokagula matemba abwerere kwa ana ake madzulo.