Za Umoyo Wathu: Phewa Likakana Kunyamula

Ku Kadoma ndi ku Chegutu, kumene makolo ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique adafika kudzagwira ntchito m'minda ndi m'migodi ya golide monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, phewa ndilo limadyetsa banja. Limasenza matumba a miyala, mabelo a thonje ndi khasu. Likavulala, ambiri amangolitema mphini, kenaka n'kubwerera kumunda.

Mlangizi wa zaumoyo angathe kudziwa zambiri popanda makina. Choyamba wodwala avule malaya kuti mapewa onse awiri aonekere pamodzi. Phewa loguluka limataya kubulungira kwake, ndipo mwini wake amagwirizira mkonowo ndi dzanja linalo. Chotupa chopweteka pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, munthu atagwa, kawirikawiri chimasonyeza kuthyoka.

Ngati palibe zizindikiro zimenezi, wodwala akweze yekha mkono cham'mbali pang'onopang'ono. Ululu ukayamba mkono uli pakati pa ulendo, pa madigiri 60 mpaka 120, n'kuleka ukafika pamwamba, ndiye kuti mitsempha ya minofu ikupanikizika pansi pa fupa la phewa, vuto limene dokotala wa ku America, Charles Neer, adalifotokoza mu 1972. Kenaka mlangizi aukweze yekha mkonowo kufika molingana ndi phewa, ndipo wodwala autsitse mosafulumira. Ukangogwa ngati nthambi youma, mtsempha ungakhale utang'ambika. Koma phewa likakana kuyenda ngakhale wina alithandize, ndiye kuti mfundo yauma. Izi zimachitika kwambiri kwa odwala matenda a shuga, choncho n'kwanzeru kuwayezetsa magazi.

Choopsa kwambiri ndi chizolowezi cha kumigodi chokoka mkono woguluka kuti ubwerere m'malo. Amene amakokawo sadziwa ngati fupa lathyokanso, ndipo angawononge mtsempha wodutsa m'khwapa. Mlangizi akhudze khungu la kunja kwa mkono, m'munsi pang'ono mwa phewa, afunse ngati pachita dzanzi, amvenso kugunda kwa magazi pafupi ndi dzanja. Akatero akoleke mkonowo m'khosi ndi chitenje, atumize wodwala tsiku lomwelo ku chipatala cha Kadoma kapena cha Chegutu kukajambulitsa.

Ululu wa phewa lakumanzere wobwera popanda kuvulala, limodzi ndi thukuta, kubanika ndi kuthina pachifuwa, ungakhale wa mtima. Ameneyo asadikire basi ya m'mawa.