Blantyre si Malawi yense

Mu 2020, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza magazi a ogwira ntchito zachipatala 500 ku Blantyre omwe sankaoneka odwala. Pafupifupi 12 mwa 100 alionse anapezeka ndi ma antibody, asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi kachilombo ka korona. Matenda anali atawalowa kale mwakachetechete.

Nditawerenga izi ndinakumbuka kwathu ku Nkhunga. Namwino wakumeneko amalandira asodzi, odula nzimbe a ku Dwangwa ndi apaulendo a mumsewu wa M5, madzulo n'kubwerera kwa ana ake. Ziwerengero za mumzinda sizinganene za moyo wake.

Anzanga, mawa lino ofufuza ndi okonza ndondomeko tidzakhala ife. Mliri wina ukadzabwera, tidzayeze magazi a anamwino akumudzi nawonso.