Makomboni amabala ankhonya, koma Loweruka lawo lili ku Riyadh

Usiku wa pa 28 Okutobala 2023, mu raundi yachitatu ku Riyadh, Francis Ngannou, katswiri wa MMA wa ku Cameroon, anaponya chibakera cha kumanzere chomwe chinakafikira m'mbali mwa mutu wa Tyson Fury, chimphona cha ku England chija n'kugwa chagada. Ku Lusaka unali usiku kwambiri, koma m'mabala a ku Kanyama, Matero ndi Chawama anthu anali asanagone, ena maso pa TV, ena atazungulira foni imodzi. Fury anadzuka, nkhonyayo n'kutha maraundi onse 10. Oweruza awiri anapatsa Fury, 96-93 ndi 95-94, mmodzi anapatsa Ngannou 95-94. Kutacha, mlandu unazengedwanso m'malo ometera, pa tuntemba ndi m'maminibasi opita ku tauni, ndipo chigamulo cha ambiri chinali chakuti mwana wa ku Cameroon am'bera.

Sanam'bere. Oweruza a nkhonya amawerenga raundi iliyonse payokha: wopambana raundiyo amatenga 10, mnzake 9, ndipo amene wagwa amalandira 8. Kugwetsa munthu kamodzi kumakupatsa raundi imodzi yonenepa, osati usiku wonse. Fury anamenya moipa tsiku lija, koma dzanja lake lakutsogolo linkatola timaraundi ting'onoting'ono tomwe maso a munthu wokondwa sawerenga. Nkhonyayo inali yoti ikanapita kulikonse. Miyezi isanu isanakwane, pa 8 Malichi 2024, Anthony Joshua anagwetsa Ngannou katatu n'kumumaliza mu raundi yachiwiri, ndipo pamenepo zinaoneka poyera kuti nkhonya ndi MMA ndi ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zimatulutsa magazi.

Chosangalatsa n'chakuti mkangano wa mtundu umenewu m'komboni sukhala wa umbuli. Wometa wa ku Kalingalinga adzakufotokozera chifukwa chake Oleksandr Usyk, munthu wocheperako thupi, anagonjetsa Fury mu Meyi 2024: mapazi, kupuma bwino, ndi kumenyera kumanzere. Mnyamata wa ku George amadziwa kuti mu UFC raundi ndi mphindi 5 pomwe mu nkhonya za amuna ndi 3, kuti magolovesi a m'khola la UFC ndi aang'ono osabisa zala, ndiponso kuti munthu akamenya pansi ndi dzanja ndiye kuti wavomera kugonja khosi kapena mkono usanathyoke. Terence Crawford atagonjetsa Canelo Álvarez ku Las Vegas mu Seputembala 2025, kuno kunali kutacha kale, Lamlungu m'mawa, ndipo ena anafika kutchalitchi mochedwa.

Anthu amenewa nkhonya amazidziwa ndipo amazikonda. Chowawa n'chakuti pa zokambirana zonse za kumapeto kwa sabata, dzina la mwana wa kwawo limamveka mwa apo ndi apo. Sabata ndi sabata maso ali ku Riyadh, London ndi Las Vegas, kandalama ka m'thumba kali m'mashopu obetchera omwe adzaza m'misika, ndipo wankhonya wa m'komboni momwemo amatha miyezi yambirimbiri osakwera mu ring'i.

Ambiri amakonda mbiri ya Ngannou, ndipo ndi yogwira mtima ndithu. Anayamba kukumba mchenga ali mwana ku Batié, anadutsa chipululu, anakhala m'ndende ku Spain, anagona m'misewu ya ku Paris, mpaka mu 2021 anagwetsa Stipe Miocic n'kutenga lamba wa UFC wa anthu olemera kwambiri. Koma palibe kholo la ku Chawama lomwe lingafune kuti mwana wake ayende njira imeneyo. Njira yoyenera kuiyang'anitsitsa ndi ya Dricus du Plessis wa ku South Africa, yemwe anatenga lamba wa UFC ku Toronto mu Januwale 2024 atagonjetsa Sean Strickland. Du Plessis anakulira mu EFC, mpikisano wa kwawo konko womwe umakonza ndewu kangapo pachaka, ndipo anatengako malamba m'magulu awiri asanapite kunja. Anali ndi pomenyera, anali ndi omuonera, anali ndi tsiku lodziwika loti akonzekere. Themba Gorimbo wa ku Zimbabwe, yemwenso anafika mu UFC, anadzera khomo lomwelo.

Lusaka anayamba waonapo makwerero oterewa ndi maso ake. Esther Phiri anasiya sukulu ali ku pulayimale, anakhala mayi ali ndi zaka 16, ndipo ankagulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Nkhonya anaziphunzira ku Africa Directions, malo a achinyamata ku Mtendere omwe ankagwiritsa ntchito masewera pophunzitsa za HIV. Kenako anagwera m'manja mwa Anthony Mwamba, yemwe anaimira Zambia pa masewera a Olympics ku Seoul mu 1988. Mwamba anam'phunzitsa, kampani ya National Milling inaikapo ndalama, nkhope yake n'kukwera pa zikwangwani za m'misewu, ndipo mtsikana wa kumsika uja anayamba kudzaza mabwalo ndi anthu omwe kale ankati nkhonya si za akazi. Filimu ya moyo wake, Between Rings, inatuluka mu 2014. Zinthu zitatu zinakumana pa iye: malo ophunzirira oyenda wapansi kuchokera kunyumba, mphunzitsi wodziwa ntchito, ndi munthu wolipira kuti nkhonya zichitike. Chikanasowa chimodzi mwa zitatuzi, dziko silikanamudziwa.

Catherine Phiri anapita patali kuposa apo. Pa 30 Januwale 2016 anakalowa m'khola la eni ake ku Mexico, dziko lomwe nkhonya ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, n'kulanda Yazmin Rivas lamba wa WBC wa bantamweight. Nkhonyayo inaimitsidwa Rivas atang'ambika pankhope, ndipo mapepala a oweruza anaonetsa kuti Catherine ndiye anali patsogolo. Kupambana pa mapointi mlendo ali pakhomo pa mwini lamba si chinthu wamba. Lambayo anautaya mu 2017 kwa Mariana Juárez ku Mexico City, ndipo mu Febuluwale 2022 anagonja mu Lusaka momwemo kwa Kudakwashe Chiwandire wa ku Zimbabwe. Khola lake, Oriental Quarries, ndi lomwenso linasula Charles Manyuchi wa ku Zimbabwe, yemwe anakatenga lamba wa WBC Silver ku Russia mu 2016. Taganizani, panali nthawi yomwe wankhonya wa dziko loyandikana nalo ankawoloka Zambezi kudzafuna tsogolo ku Lusaka.

Vuto linali lakuti zonsezi zinatsamira pa anthu ochepa. Makola awiri, Exodus la Mwamba ndi Oriental Quarries, ndi makampani owerengeka ndiwo anasenza katundu yense. Mwamba anamwalira mu 2021. Wothandiza akatopa kapena bizinesi ikavuta, kalendala imakhala yopanda kanthu, ndipo wankhonya wosamenya ali ngati khasu lokhala pakhonde mvula yonse: limachita dzimbiri ngakhale chitsulo chake chikhale chabwino chotani.

Kale katundu ameneyu ankasenzedwa ndi migodi. Makalabu a ku Copperbelt anali ndi maholo, zida ndi aphunzitsi olipidwa, ndipo m'nyengo imeneyo Zambia inatulutsa Lottie Mwale, yemwe anapata golide ku Commonwealth Games mu 1974, ndi Keith Mwila, mwini mendulo yoyamba ya Zambia pa Olympics, ya bronze, ku Los Angeles mu 1984. Migodi itagulitsidwa, zambiri za izo zinafa. Lero khomo lodalirika kwa wankhonya wachinyamata ndi usilikali kapena upolisi, kumene amapeza malipiro a pamwezi n'kumamenyera kalabu ya kuntchito. Ndi khomo labwino, koma ndi lopapatiza. Luso lokha silinathe: pa Commonwealth Games ku Birmingham mu 2022 Stephen Zimba anabwera ndi siliva, Patrick Chinyemba ndi bronze, ndipo Chinyemba anafika mu ndime ya anthu 8 omaliza pa Olympics ku Paris mu 2024, kutsala nkhonya imodzi kuti agwire mendulo.

Chofunika tsopano si usiku umodzi waukulu pachaka ku Government Complex kapena ku Mulungushi, wa matebulo a mabwana ndi matikiti omwe munthu wa ku Kanyama sangawafikire. Chofunika ndi nkhonya zing'onozing'ono za masana, za maraundi 4 kapena 6, zozungulira m'makomboni pa Loweruka lodziwika: mwezi uno ku Matero, wamawa ku Chawama, winawo ku Mtendere. Masana, chifukwa magetsi ndi osadalirika ndipo amayi ndi ana ayenera kubwerera kunyumba kusanade. Mtengo wa pakhomo ukhale woti wogulitsa tomato angathe. Matero akakumana ndi Kanyama, palibe amene adzafunike kuitanidwa kawiri.

Ndalama yake si yosowa. Thumba la chitukuko la CDF linakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Pa nthawiyo George inali pansi pa Matero, Mtendere ndi Kalingalinga zinali mu Munali, Kanyama ndi Chawama zinali ndi matumba awoawo. N'zoona kuti ngalande, madzi ndi madesiki ziyenera kukhala patsogolo, ndipo yemwe anaonapo Kanyama m'nyengo ya mvula sangatsutse. Koma ring'i yomasula ndi kumanganso ndi zitsulo, matabwa, zingwe ndi tenti yolimba, ntchito yomwe akuwotcherera a ku Kalingalinga, aja amapanga mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu, angaigwire akapatsidwa miyeso. Makampani obetchera, omwe amadya ndalama za anyamata omwewa pa nkhonya za ku Riyadh, ayenera kufunsidwa poyera kuti akubwezako chiyani ku makomboni kumene mashopu awo ali.

Pali makolo amene safuna kumva za nkhonya, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Masewerawa amamenya ubongo. Lottie Mwale, Gunduzani amene dziko lonse linkamuimbira m'manja, anagwetsedwa mu raundi yachinayi ndi Matthew Saad Muhammad ku San Diego mu 1980 polimbirana lamba wa WBC, anapitiriza kumenya kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo anamwalira mu 2005 atavutika nthawi yaitali ndi matenda a Parkinson. Chisanda Mutti amakumbukiridwa ndi nkhonya ya ku Monaco mu 1985, pomwe iye ndi Lee Roy Murphy anamenyana nthawi imodzi mu raundi 12 n'kugwa onse awiri. Murphy anadzuka, Mutti analephera. Anthu amaionera kanemayo mobwerezabwereza ngati chozizwitsa, koma zomwe zikuoneka pamenepo ndi anthu awiri omwe mitu yawo yalandira zibakera kwa theka la ola ndi kupitirira.

N'chifukwa chake nkhonya za m'komboni siziyenera kukhala zachisawawa. Ngozi yaikulu ili pa mnyamata amene amaonera UFC pafoni n'kukayesa kukanyanga mnzake pakhosi kuseri kwa msika, popanda woimbira, popanda woponya thaulo. Iliponso pa wankhonya wanjala yemwe amavomera kukamenya kunja atauzidwa kwatsala masiku ochepa, n'kudziumitsa thupi kuti akwane pa sikelo, chifukwa kwawo kulibe pomenyera. Nkhonya zochitika pafupipafupi pansi pa malamulo zimachepetsa ngozi ziwiri zonsezi. Sizingathetse vuto la anyamata otchedwa majanki, monga ena amalonjezera akafuna thandizo, koma zimapatsa ena mwa iwo chifukwa chodzukira m'mamawa kukathamanga.

Apa ndi pomwe bungwe loyang'anira nkhonya za malipiro, Zambia Professional Boxing and Wrestling Control Board, pamodzi ndi Zambia Boxing Federation ya osewera osalipidwa, ayenera kuuma mtima. Belu lisalire dokotala asanakhale pampando wake ndi ambulansi isanaime pakhomo. Kanyama, Matero ndi Chawama aliyense ali ndi chipatala chake, ndipo wovulala m'mutu adziwike kale kuti athamangira naye ku chipatala chachikulu cha UTH. Magazi apimidwe. Wogwetsedwa mpaka kukomoka apumitsidwe masabata ake onse, ngakhale mphunzitsi adandaule chotani. Malipiro a wankhonya asungitsidwe ku bungwe tsiku la sikelo lisanafike, kuti pasakhale munthu wotuluka mu ring'i diso lotupa n'kuyamba kusakasaka wokonza nkhonya pafoni. A MMA nawonso, omwe akuchuluka m'majimu a mu Lusaka, malamulo ake akhale omwewa. Ndipo pa tikiti iliyonse pachotsedwe kandalama kolowa m'thumba la chithandizo cha mankhwala cha ankhonya opuma, loyendetsedwa ndi anthu omwe mabuku awo angawerengedwe poyera chaka chilichonse.